Moto Umene Uli Pakati pa Milalang'amba

Madzulo a mwezi wa June mukaima pa Chichiri ndi kuyang'ana kum'mwera, m'mwamba ndithu mwa phiri la Soche, maso anu aloza kumene kuli mlalang'amba wotchedwa Centaurus A. Popanda galasi loonera kutali simungauone, pakuti kuŵala kwake kumayenda zaka pafupifupi 12 miliyoni kuti kufike kuno.

Pakati pake pali dzenje lakuda, lolemera ngati madzuŵa pafupifupi 55 miliyoni. Mpweya ndi fumbi zikamakokedwera m'menemo zimazungulira, zimatentha ndi kuŵala koopsa, ndipo zina zimalavulidwa kunja ngati malaŵi aŵiri aatali. Tsono nyenyezi zimabadwira mu mpweya wozizira. Malaŵi otere akautenthetsa kapena kuumwaza, nyenyezi zatsopano zimachepa, ndipo mlalang'amba umatsala ndi nyenyezi zokalamba.

Mlalang'amba wathu nawonso uli ndi dzenje lake, Sagittarius A*, lolemera ngati madzuŵa 4 miliyoni, koma lili phee. M'chaka cha 2019 makina a MeerKAT, ku South Africa, anaonetsa mathovu aŵiri aakulu pafupi nalo, amene akatswiri ena akuganiza kuti anatsala dzenjelo litalusa kalekale.