Za Mphuno ya Galimoto ndi Mafuta Ake

Tonse tidziwa kuti petulo sakumbidwa m'dziko lathu lino. Adzera ku madoko akutali a Dar es Salaam, Beira ndi Nacala, ndipo ife a ku Karonga tiona ndi maso athu matanki akuoloka pa Songwe, natsata msewu wa M1. Tikumbukiranso zaka za 2011, 2012 ndi 2022, pamene magalimoto adagona pa mizere kudikira mafuta. Chifukwa chake sitidabwa poona munthu amene adagulitsa mpunga wake ku Kaporo kapena ku Wovwe, nagula kagalimoto konyamula anthu, alikufunafuna nzeru yochepetsera mafuta. Koma ilipo nzeru ina yofala pakati pa anyamata athu imene itidetsa nkhawa. Iwo ati: “Chotsa sefa ya mpweya, kapena boola bokosi lake, injini ipume bwino, pamenepo idzamwa pang'ono.” Kodi mawu amenewa ngoona?

Tiyambire pa zimene tidziwa. Moto wa pa mbaula suyaka popanda mpweya, ndipo wosula makasu sagwira ntchito wopanda mvukuto. Injini nayonso ndi moto wotsekeredwa m'chitsulo. Kuti kilogalamu imodzi ya petulo ipse bwino, pafunika makilogalamu 14.7 a mpweya. Ndiko kunena kuti lita imodzi yokha ifuna malita a mpweya ngati 9,000. Mpweya wonsewo ulowera pa paipi imodzi, nupyola m'sefa imene amakanika aitcha fyuluta. Sefayo ndiyo mphuno ya galimoto.

Tsono injini za petulo zili za mitundu iwiri. Zakale, pamodzi ndi njinga zamoto zambiri za kabaza, zili ndi kabuleta. Sefa yake ikatsekeka ndi fumbi, mpweya uchepa koma mafuta akokedwa ochuluka, utsi nutuluka wakuda. Zamakono zili ndi kompyuta imene iyesa mpweya wolowa, nipereka mafuta molingana nawo. Mukaonjezera mpweya, iyonso ionjezera mafuta. Nanga phindu lili kuti?

M'chaka cha 2009 akatswiri a ku Oak Ridge, m'dziko la America, adayesa zimenezi. Adatseka dala masefa a magalimoto atatu amakono, napeza kuti kamwedwe ka mafuta sikadasinthe kwenikweni; chimene chidachepa ndi mphamvu yonyamukira. Galimoto yakale ya Pontiac ya 1972, yokhala ndi kabuleta, ndiyo idaononga mafuta. Motero sefa yoyera ithandiza injini yakale, koma kuchotsa sefa sikuthandiza injini ili yonse.

Ndipo kwathu kuno woboola bokosilo aitana adani atatu. Woyamba ndi fumbi la m'misewu yathu ya kumidzi m'nyengo ya chilimwe. Fumbi ndi mchenga wosalala. Likalowa m'injini lipala chitsulo pang'onopang'ono monga mwala wonolera mpeni, kufikira injini iyamba kumwa oilo ndi kufuka. Pamenepo ndalama yokonzera ipambana kutali ya mafuta onse amene mwiniyo adafuna kusunga.

Wachiwiri ndi kutentha. Bokosi limene adaika opanga galimoto likoka mpweya wakunja. Koma kasefa kooneka bwino kogula pa msika, kokhala poyera m'kati mwa boneti, kamwa mpweya wotentha wa pambali pa injini. Mpweya wotentha ngwopepuka, ndipo upatsa mphamvu yochepa. Woyendetsa adzazindikira zimenezi pa dzuwa la Okutobala, pokwera mapiri a ku Chitipa kapena chitunda cha Chiweta, galimoto itadzaza.

Wachitatu ndi madzi. Pamene North Rukuru, Lufilya ndi Songwe asefukira, paipi yotsitsidwa pansi imeza madzi pa chithaphwi. Madzi safinyika monga mpweya. Akalowa m'injini, zitsulo zipindika nthawi yomweyo, ndipo ulendo uthera pompo.

Tichite chiyani tsono? Siyani bokosi monga adalipangira eni ake. Tsegulani sefa kawirikawiri, makamaka m'miyezi ya fumbi, ndi kuigogoda pang'ono. Ngati ili ya pepala musaitsuke ndi madzi kapena petulo. Iyang'anitseni ku dzuwa: kuwala kukaleka kupyola, gulani ina. Onaninso paipi ya labala yochokera ku bokosi, ngati yang'ambika kapena zomangira zake zamasuka, pakuti pa mng'alu wotere fumbi lilowa mozemba sefa. Kabuleta ikonzedwe ndi makanika wodziwa, si mnzanu wongoyesa. Paja akulu adati safunsa adadya phula.

Zotsala zili m'manja mwa woyendetsa. Matayala akhale opopedwa bwino. Katundu asapyole muyeso. Injini isalire chabe pa siteji podikira anthu. Ndipo phazi liponde mofatsa, pakuti kuthamanga si kufika. Inu amai ndi abambo amene mudapereka thukuta la m'munda kuti mwana agule galimoto, musaope kumufunsa za sefa yake. Ndi kanthu kakang'ono ndi kotsika mtengo, koma ndiko kasunga chuma cha banja lonse.