Cholakwika chimodzi, madandaulo odzaza sikirini

Ku Instituto Superior Politécnico de Tete si onse amene amaphunzira za migodi ngati ya malasha ya ku Moatize. Ena amaphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta, ndipo amene angazame m'chilankhulo cha C++ sangalizembe vuto ili: waphonya pa mzere umodzi wokha, koma kompaila, yomwe imasandutsa zolemba zake kuti makina azimve, yamukhuthulira madandaulo osatha.

C++ adaiyambitsa ndi Bjarne Stroustrup wa ku Denmark mu 1979 ku Bell Labs. Mu 2001, Andrei Alexandrescu adatchukitsa njira yotchedwa policy-based design kudzera m'buku lake la Modern C++ Design. M'malo molemba chinthu chimodzi chachikulu, wolemba amakonza tizigawo, kalikonse ndi ntchito yake: kena kosankha komwe zotsatira zilembedwe, kena kosamala memore. Kenako amatilumikiza pogwiritsa ntchito template, yomwe ili ngati chikombole cholandira tizigawo tosiyanasiyana. Pa njira yotchedwa mixin, kachigawo kamatengera zonse za kanzake komwe kapatsidwa. Zili ngati malole owoloka Zambezi pa mlatho wa Kassuende: mutu ndi umodzi, ngolo zimasinthidwa malinga ndi katundu.

Mavuto amayambira polumikiza pomwepo. Template sifufuzidwa mokwanira pa nthawi yoilemba, kompaila imadikira kufikira itagwiritsidwa ntchito. Ikapeza kuti kachigawo kena kalibe chomwe chikufunidwa, imatchula njira yonse yomwe yadutsa, fayilo ndi fayilo, ndi mayina ataliatali a tizigawo tonse tolowanalowana. Apa ndi pomwe wophunzira amagwa ulesi n'kuyamba kusintha zinthu mwachisawawa, ndipo n'zomvetsa chisoni, chifukwa yankho limakhala lili m'madandaulo momwemo.

Odziwa ntchitoyi amayamba ndi dandaulo loyamba, popeza otsatirawo nthawi zambiri amabadwa kuchokera pa ilo. Akatero amasaka mzere wotchula fayilo yawo, osati ya laibulale. Kompaila ya GCC imaika mawu akuti required from here pafupi ndi malowo. Zikakanikabe, amadula pulogalamu mpaka patatsala kachidutswa kochepa komwe kakulephera, kapena kuyesa ndi kompaila ina ya Clang kuti amve vuto lomwelo likufotokozedwa mwina.

Pali msampha wina womwe umakola ngakhale akatswiri. Mkati mwa mixin, kompaila siona dzina lochokera ku kachigawo kotengerako pokhapokha wolemba atasonyeza komwe lachokera, monga poika this-> patsogolo pake. Imadandaula kuti dzinalo kulibe, chonsecho lilipo. Kuiwala mawu akuti typename kumabweretsanso chisokonezo chofanana.

Chilankhulochi chakhala chikukonzedwa. C++11 idabweretsa static_assert, yomwe imalola wolemba kuika uthenga wakewake womveka bwino. C++20 idawonjezera concepts, njira yoneneratu zomwe kachigawo kayenera kukhala nazo, kotero kosayenera kamakanidwa pa mzere pomwe kalowera. GCC ndi Clang zonse ndi zaulere, ndipo wophunzira wa ku Tete wokhala ndi laputopu wamba angathe kuyesa zonsezi.