Mwana akalira ndi katuni, tisamuseke

Loweruka lina mwezi wathawu, magetsi atayaka madzulo, ndinawaikira ana filimu ya The Lion King kuti ine ndiphike mwamtendere. Mumtima ndinkati nanga si katuni ya ana, ingavute pati? Nsima isanapse n'komwe, ndinamva mwana wanga wamkazi wa zaka 4 akulira, kulira kosiyana ndi kuja amalira akamulanda chidole.

Ndinamupeza atabisala kuseri kwa mpando, manja ali m'makutu. Pa kanema paja, mkango wotchedwa Mufasa unali gone m'fumbi, utagwetsedwa ndi m'bale wake Scar pakati pa nyumbu zothamanga, ndipo kamwana kake, Simba, kankayesetsa kuudzutsa. Mchimwene wake wa mwanayu, wa zaka 10, ankangoseka. "Iwe, n'zojambula izi!" Nanenso poti mphika unali pamoto ndinangoti, "Tonthola, si zenizeni."

Usiku anakana kugona pamphasa yake. Tili m'bulangete, anandifunsa chapansipansi: "Amayi, adadi nawonso akagona sadzuka?" Bambo ake ali ku Johannesburg chaka chachiwiri tsopano, ndipo amangowaonera pafoni. Apa m'pamene ndinazindikira kuti mwanayu sankalirira mkango, ndipo ndinachita manyazi ndi yankho langa lija.

Makolo ambiri timaganiza kuti filimu ikakhala ya katuni ndiye kuti ilibe minga. Koma taganizirani. The Lion King, yomwe inatuluka mu 1994, yagona pa imfa ya bambo. Mu Bambi ya 1942, mayi wa kagwape amaomberedwa ndi mlenje. Finding Nemo ya 2003 imayamba ndi imfa ya mayi, ndipo mu Frozen ya 2013 makolo onse awiri amamira panyanja. Olemba nkhani amadziwa kuti popanda vuto nkhani sikoma, ndiye amasankha vuto lalikulu koposa kwa mwana: kutaya kholo.

Wamkulu amapirira chifukwa amadziwa kuti kumapeto zinthu zikhala bwino. Mwana wa zaka 3 kapena 4 sadziwa zimenezo. Iye amaona nkhope yolira yadzaza kanema yense, amamva nyimbo yachisoni, basi kwa iye zachitika lero, m'nyumba mwathu muno. Katswiri wa ku America, Joanne Cantor, yemwe analemba buku la Mommy, I'm Scared mu 1998, anapeza kuti ana aang'ono chotere mawu akuti "si zenizeni" sawathandiza kwenikweni. Chowathandiza n'kuwanyamula, kuwakumbatira kapena kuwachotsa pamalopo. Kufotokozera kumayamba kugwira ntchito mwana akasinkhukirapo.

Wina anena kuti ife tinakulira nthano za afisi odya ana koma sitinapenge. N'zoona. Agogo anga ankatisimbira zoopsa kuposa za Scar. Koma iwo akati "Padangokhala," ife tinkayankha kuti "Tili tonse," ndipo tinalidi tonse, titathithikana pamoto. Agogo ankaona nkhope zathu. Akaona kuti wamng'ono wayamba kunjenjemera, ankafewetsa mawu, kuyambitsa nyimbo, kapena kumubweretsa Kalulu msanga kuti apusitse fisi. Kanema alibe maso. Amangopitirira ngakhale mwana atauma ndi mantha.

Ndiye vuto si mkangano wa m'filimu ayi. Vuto n'kumusiya mwana yekha ndi mkanganowo, ngati mmene ndinachitira ine.

Patatha milungu iwiri, mwana uja anapempha yekha kuti tionerenso "ya Simba". Ulendo uno ndinaphikiratu. Ndinamuika pamiyendo n'kumuuziratu kuti kutsogoloku kuli pachisoni, koma Simba adzakula, adzapeza anzake ndipo adzabwerera kwawo. Ndinamupatsa rimoti kuti akafuna aimitse. Titafika pa nyumbu paja anaimitsa, n'kunena kuti tidumphe. Tinadumpha. Mchimwene wake ndinali nditamuchenjeza kale kuti akaseka akatsuka mbale sabata yonse. Titamaliza tinawaimbira bambo ake pa WhatsApp, ndipo iye anawafotokozera filimu yonse, kupatulapo malo amodzi aja.

Pempho langa kwa makolo anzanga ndi ili: filimu yatsopano muziyamba mwaionera nokha, kapena khalani pomwepo pamene ana akuonera. Mwana akati "zimitsani," zimitsani, si mantha achabe ndipo si kupusa. Musamukakamize kuti alimbe mtima, nthawi yake idzakwana yokha. Ndipo inu amene mumapatsa ana ndalama kuti akaonere kanema m'mavidiyo sho a pamsika, atabereka kamng'ono kawo kumsana, dzifunseni kuti kamwanako kakayamba kulira mumdima muja, adzakanyamule ndani.

Wanga uja sanaonebe pamene Mufasa amafera. Akadzafuna kuona, ndidzakhala naye pomwepo.