Kangaude wakuuna safuna nyumba yosanja

Mvula yoyamba ikagwa ku Edingeni, nthawi ija ngumbi zimatuluka, pamabweranso mlendo amene palibe amamuyalira mphasa: kangaude wamkulu waubweya, miyendo yake yodzaza chikhatho, akuyenda pakhonde usiku. Ulendo wake umathera pansi pa patapata kapena mpini wa khasu. Chonsecho ku Germany, ku Britain ndi ku America, abale a kangaude yemweyu amagulidwa ndi ndalama, kumangiridwa nyumba zagalasi ndi kupatsidwa maina. M'Chingerezi onse amangowatcha tarantula. Anyamata athu a ku Joni ndi ena okonda YouTube aziona zimenezi, ndipo ena ayamba kufunsa ngati nawonso angawete. Mbali zonse ziwiri, opha ndi oweta, ali ndi zikhulupiriro zawo, ndipo zambiri mwa izo n'zopha kangaudeyo basi.

Chikhulupiriro chachikulu n'chakuti akakuluma sufika kuchipatala. Kuluma amalumadi. Akangaude akuluakulu a ku America ali ndi ubweya woyabwa pamimba umene amauwaza akaopsezedwa, koma a kuno ku Africa ubweya wotero alibe, choncho chida chawo ndi mano. Amayamba ndi chenjezo: amaimika miyendo yakutsogolo, mano awiri akuda ali poyera. Wonyozera chenjezolo amamva ululu woopsa, malo olumidwa amatupa, ndipo ena minofu imawakokana kwa masiku angapo. Koma palibe imfa ya munthu yotsimikizidwa ndi madokotala kuti inabwera ndi ululu wa tarantula. Tsukani bala ndi sopo, ndipo akakhala mwana, wokalamba kapena munthu amene wayamba kubanika, thamangirani naye kuchipatala ku Embangweni kapena ku Mzimba boma, osati kukatema mphini. Za kuti kangaude wolowa m'nyumba watumidwa ndi munthu, yankho lake n'lalifupi. Woyendayendayo kawirikawiri amakhala wamwamuna amene wakhwima, wasiya una wake ndipo akusaka wamkazi. Sakusaka inu, ndipo masiku ake omwe atsala ndi owerengeka.

Dziko lathu lili ndi mitundu yake. Ceratogyrus meridionalis, amene Arthur Stanley Hirst anamulemba m'mabuku a sayansi mu 1907, amapezeka m'Malawi ndi ku Mozambique. Abale ake ena a mtundu wa Ceratogyrus ali ndi kanyanga pamsana, monga Ceratogyrus marshalli wa ku Zimbabwe. Palinso Pterinochilus murinus, wolembedwa ndi Reginald Innes Pocock mu 1897, wofala kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, amene oweta amamudziwa ndi liwiro komanso ukali. Onsewa ndi a m'tchire louma longa lathu la miombo, ndipo izi n'zimene ziyenera kulamula kamangidwe ka nyumba yawo.

Apa ndi pamene oweta atsopano amasokera. Amaganiza kuti chiweto chokondedwa chimafuna malo aakulu, aatali, owala, okhala ndi miyala yokongola ndi nthambi zokwerapo, kuti pakhale ngati kutchire. Kutchire kwake kuti? Pitani m'mphepete mwa nkhalango ya Perekezi kapena m'tsala lililonse limene khasu silinapitemo zaka zingapo, muyang'ane pansi pafupi ndi mwala kapena chitsa. Mukapeza bowo lozungulira bwino, m'mphepete mwake muli ulusi woyera wolukanalukana ndi timasamba ndi timaudzu, ndiye mwafika pakhomo pake. Una wa nkhululu umakhala ndi kamulu ka dothi pakhomo, uwu ayi, umakhala wosalala ngati wozira. Umalowa pansi masentimita 30 kapena kuposa, ndipo wamkazi amakhala m'menemo moyo wake wonse. Madzulo amakwera n'kudzakhala pakhomo, miyendo yakutsogolo itagunda ulusi. Maso ali nawo asanu ndi atatu koma saona patali, amadalira kunjenjemera kwa nthaka. Chiwala chikadutsa amachimva, kuchimbwandira, n'kubwerera nacho pansi. Dziko lake lonse ndi limenelo: mdima, dothi ndi khomo limodzi.

Ndiye bokosi labwino ndi lodzaza dothi, osati mpweya. Kwa wamkulu, bokosi la pulasitiki loonekera mkati, la masentimita pafupifupi 30 mulitali ndi mulifupi, n'lokwana. Dothi lifike masentimita 15 kapena 20, lotsenderedwa ndi manja kuti una usagumuke. Mpata wotsala pakati pa dothi ndi chivindikiro usapose utali wa kangaudeyo atatambasula miyendo, kuwonjezerapo theka. Chifukwa chake n'chakuti akangaudewa amakwera ngakhale galasi, koma mimba yawo ndi yofewa ndi yolemera. Akagwa kuchokera pamwamba n'kumenyetseka pa mwala uja munaikira kukongoletsa, mimbayo imasweka ngati dzira, ndipo kawirikawiri amafa. Bokosi lalitali lokhala ndi miyala yosongoka limasangalatsa mlendo wobwera kudzaona, koma kwa mwini nyumba ndi msampha.

Chivindikiro nachonso chili ndi nkhani yake. Ambiri amathamangira waya wa sefa, uja wa m'mawindo wotchinga udzudzu, poganiza kuti ndiye wolowetsa mphepo bwino. Kunsonga kwa mwendo uliwonse kangaude ali ndi tizikhadabo tating'ono, ndipo timakodwa m'wayamo. Amatsala ali lendelende, kenaka amagwa kapena kuduka mwendo. Chabwino n'kutenga msomali, kuutenthetsa pamoto, n'kuboola timabowo ting'onoting'ono m'mbali ziwiri zoyang'anizana ndi pachivindikiro cholimba, kuti mphepo izidutsa. Chivindikirocho chikhale chotsekeka ndithu, chifukwa kangaude ali ndi mphamvu zokankha choyedzeka chabe, ndipo m'nyumba ya ana simufuna kudzuka n'kupeza bokosi lopanda kanthu.

Ena amati chilichonse chochokera m'chilengedwe n'chabwino kuika m'bokosi. Kwathu kuno mawu amenewa ndi oopsa. Dothi la m'munda wa fodya kapena wa chimanga ladya feteleza ndi mankhwala a mbozi. Utuchi wa paini, umene n'ngosavuta kupeza chifukwa cha matabwa a ku Chikangawa, uli ndi utomoni wonunkha umene oweta odziwa amaupewa, komanso sukumbika. Mphemvu yogwidwa m'chipinda chosungira chimanga chothira Actellic yanyamula imfa m'thupi mwake. Nanga Doom ndi koyilo ya udzudzu? Zimene zimapha udzudzu sizisankha. Tengani dothi la kutchire kutali ndi minda, mulisefe, muliyanike padzuwa mpaka liume. Pamwamba ikanipo khungwa louma la mombo, lopindika, lokwiriridwa theka, ndi masamba ouma ochepa. Kukongoletsa kwina mumusiyire mwini wake. Pakangotha milungu ingapo adzakhala atayala ulusi ponseponse, ndipo zimene munakonza mwaluso adzazikwirira osakufunsani. Oweta ena amadandaula kuti akuweta bowo, chifukwa chiwetocho sachiona. Ine ndimati kangaude amene saoneka masana ndiye wakhazikika, pamene woyendayenda m'makoma a bokosi akukuuzani kuti china chake chalakwika.

Mdani amene mavidiyo a kunja satchula ndi linthumbu. Likalowa m'nyumba usiku wa dzinja, kangaude wotsekeredwa alibe kothawira. Miyendo ya tebulo lokhala bokosi iime m'tizitini ta madzi, ndipo zotsala za chakudya zichotsedwe m'mawa mwake.

Pali chikhulupiriro chinanso chakuti poti ndi nyama ya kotentha, imafuna dzuwa ndi chinyezi. Kuuna kulibe dzuwa. Bokosi loikidwa pawindo masana a Okutobala limatentha mpaka kupha kangaude tsiku lomwelo. M'chisanu cha Juni ndi Julaye, chimene a ku Mzimba amachidziwa bwino, musamuyandikize ku mbaula. Chipinda chimene munthu amagonamo n'chokwana, iye amangochepetsa kudya n'kutseka khomo lake ndi ulusi. Dothi likhale louma, madzi akhale m'kachivindikiro ka botolo, opanda thonje kapena siponji, zimene zimangosunga litsiro. Dothi lonyowa m'bokosi lopanda mphepo limabala nkhungu. Kudya sikwa tsiku ndi tsiku ayi: chiwala chimodzi kapena ziwiri pamlungu, ndipo wamkulu akhoza kukhala mwezi osadya popanda vuto.

Tsiku lina mudzamupeza ali chagada, miyendo m'mwamba, osagwedezeka. Ambiri ataya akangaude amoyo pa tsiku limeneli. Sanafe, akufundula. Chigoba chake sichikula, choncho amagona chagada pa mphasa ya ulusi n'kudzisolola m'chigoba chakale, ntchito yotenga maola. Musamukhudze, musamutembenuze, ndipo chiwala chamoyo chisatsale m'bokosi, chifukwa thupi latsopano ndi lofewa moti chakudya chikhoza kuluma wochidya. Mano nawo amatuluka oyera ndi ofewa, ndiye dikirani mlungu kapena iwiri mpaka ade musanamupatse kanthu. Wakufa weniweni amakhala chafufumimba, miyendo itapindikira kunsi kwa thupi. Kumunyamula m'manja kuti mujambulitse nako n'kosafunika nthawi ina iliyonse. Sazolowera munthu, ndipo akadzidzimuka mmodzi wa inu avulala.

Chotsala ndi nkhani ya ndalama, yakuti kangaude alibe mwini, ungokumba, kuika m'botolo n'kukwera naye basi ya ku Johannesburg. Ku South Africa mitundu ya Ceratogyrus, Harpactira ndi Pterinochilus ndi yotetezedwa ndi lamulo, ndipo kuigwira, kuisunga kapena kuigulitsa kumafuna chilolezo. Kuno kwathu nyama zakutchire zili pansi pa lamulo la National Parks and Wildlife Act, limene linakhwimitsidwa mu 2017, ndipo kutulutsa nyama m'dziko n'kofunsa kaye ku nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Ambiri mwa akangaude amene mumawaona m'mabokosi a ku Ulaya anaswedwa konko, m'manja mwa oweta, ndipo mtengo wa ana awo si wolemeretsa munthu. Wamkazi wa m'tsala lanu amatenga zaka kuti akhwime, akhoza kukhala zaka zoposa 10, ndipo amadya ziwala ndi mphemvu za pamalopo. Mukamukumba, mwachotsa mayi wa akangaude onse amene akanabadwa pamenepo, ndipo wamkulu wotayidwa pamtunda wouma kawirikawiri amagwidwa ndi mbalame, mavu kapena nyerere asanapeze pobisala pena.