Bua: dothi la ku Nsaru likukathera m'mazira a mpasa

Mukafunsa mwana wa sukulu ku Nsaru za mtsinje wa Bua, akuuzani kuti umathira m'nyanja ya Malawi ku Nkhotakota, basi. Zoti madzi a m'madambo a kwawo amakathera momwemo, ambiri sadziwa.

Bua amayambira chakumadzulo, mbali ya ku Mchinji, n'kumatolera madzi a mitsinje ina monga Namitete ndi Rusa. Kumtunda kuno mtsinjewu ngwaulesi. Umayenda mozengereza m'madambo otakasuka, m'mabango ndi m'matope, moti m'chilimwe mwina simungauone n'komwe. Apaulendo opita ku Kasungu amauwoloka pa msewu wa M1 atadutsa Madisi. Ukafika kumapiri otsetserekera kunyanja ndiye umasintha khalidwe, umathamanga m'miyala mkati mwa nkhalango ya Nkhotakota.

Gombe lomwe Bua amathirako lili ndi mbiri yowawa. Kumeneko n'komwe Jumbe ankasonkhanitsa akapolo asanawaolotse nyanja, ndipo David Livingstone adakumana naye komweko m'chaka cha 1863. Lero nkhani yake ndi ina. Bungwe la African Parks lidayamba kuyang'anira nkhalangoyi mu 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 lidasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete.

Komatu chuma chenicheni cha Bua ndi mpasa. Nsomba imeneyi imakhala m'nyanja, koma ikafuna kuswana imakwera mtsinje kukaikira mazira pa timiyala toyera m'madzi othamanga. Matope akakwirira timiyalato, mazira amafa. Mitsinje yomwe mpasa ikukwerabe yatsala yowerengeka, ndipo Bua ndi umodzi mwa iyo.

Nanga matopewo akuchokera kuti? Kwathu konkuno. Mitengo yapita ku zigafa za fodya, ku makala ndi ku mauvuni a njerwa. Madimba tawakankhira mpaka m'mphepete mwenimweni mwa madzi. Sindikunyoza mlimi ayi. Munthu amene chimanga chamuthera m'nkhokwe mu Okutobala sungamuletse kulima dimba. Koma mvula yoyamba ikagwa, dothi lofiira lija, lomwe adalithira feteleza wodula, limanyamuka ulendo wa kunyanja.

Alonda a nkhalango angathe kugwira opha njovu ndi otchera misampha, koma matope ochokera makilomita ambirimbiri kumtunda sangawaimitse pachipata. Ntchito imeneyo ili m'manja mwa mafumu, alangizi a zaulimi ndi makomiti a m'midzi ya kwa Kabudula ndi Kalolo, omwe ambiri mwa iwo mpasayo sadailawepo.