Mkangano wa zaka 500: Kodi munthu amapulumuka ndi chiyani?

Funso lake ndi lalifupi, koma lidagawa mpingo ndipo mpaka lero limautsa mapiri pachigwa m'minibasi, m'misika ngakhale pa siwa: kodi munthu amapulumuka pokhulupirira Yesu basi, kapena ntchito zake nazo zimawerengedwa?

Wina amatsegula Aefeso mutu 2 pomwe Paulo akuphunzitsa kuti chipulumutso ndi mphatso yomwe munthu sangadzitame nayo. Mnzake amathamangira kwa Yakobo mutu 2, yemwe saona phindu m'chikhulupiriro cha munthu wongofunira mafuno abwino mbale wake wanjala osamupatsa kanthu. Onsewo anyamula Baibulo limodzi.

Koma moto weniweni wa mkanganowu udabuka pa nkhani ya ndalama.

M'chaka cha 1517, wansembe wina dzina lake Johann Tetzel ankayendayenda m'madera ena a dziko la Germany kugulitsa makalata omwe ankati amachotsa zilango za machimo. Munthu ankatha kudzigulira yekha kalatayo kapena kugulira m'bale wake yemwe adamwalira kuti atuluke msanga ku Purigatoriyo. Ndani angaumire thumba atauzidwa kuti mayi ake akuzunzika?

Gawo lina la ndalamazo linkapita ku Rome kukamangira tchalitchi cha Petro Woyera. Lina linkabweza ngongole yomwe Arkiepiskopi Albrecht wa ku Mainz adatenga kubanki ya banja la Fugger kuti apeze udindo wakewo. Ogula makalatawo za ngongoleyi sankazidziwa.

Martin Luther, wansembe wa chipani cha Augustino yemwe ankaphunzitsa Baibulo pa sukulu ya ukachenjede ya Wittenberg, zidamuipira. Pa 31 October 1517 adalembera Albrecht kalata ndipo adaphatikizapo mfundo 95 zotsutsa malondawo. Makina osindikizira mabuku adafalitsa mfundozo ngati moto wolusa.

Luther sadalekere pa makalata. Iyeyu ndi munthu yemwe adavutika kwa zaka zambiri ndi mantha oti kusala kudya, kupemphera ndi kulapa kwake sizikukwanira pamaso pa Mulungu. Mtendere adaupeza m'kalata ya Paulo kwa Aroma, ndipo adayamba kuphunzitsa kuti munthu amayesedwa wolungama mwa chikhulupiriro chokha. Ntchito zabwino, malinga ndi iye, zili ngati zipatso: zimaonetsa kuti mtengo ndi wabwino, koma si ndizo zimaupanga kukhala wabwino.

Pomasulira Chipangano Chatsopano m'Chijeremani mu 1522, adaika mawu otanthauza "chokha" pa Aroma 3:28, ngakhale mawuwo mulibe m'Chigiriki. Adadziteteza kuti ndimo momwe chilankhulo chake chimamvekera bwino. Kalata ya Yakobo ankaiona yopepuka, mpaka adaiyerekeza ndi udzu. Apa nayenso adapereka chida kwa omutsutsa.

Papa Leo X adamuchotsa mumpingo mu January 1521. Patadutsa zaka 20, mu 1541, akatswiri a mbali zonse ziwiri adakumana mumzinda wa Regensburg ndipo adagwirizanadi pa nkhaniyi, koma Luther ndi akuluakulu a ku Rome onse adakana zomwe nthumwi zawo zidalemba. Mwayi udapita.

Yankho la Mpingo wa Katolika lidatuluka mu January 1547 pa msonkhano waukulu wa maepiskopi ku Trent. Anthu ambiri amaganiza kuti msonkhanowo udati munthu amagula kumwamba ndi ntchito zake, koma si zoona. Udanenetsa kuti Mulungu ndiye amayamba, ndipo palibe chomwe munthu angachite kuti ayenerere chisomo choyambacho, chomwe Akatolika kuno kwathu amachitchula kuti chaulere. Kusiyana kudali pa zotsatira zake. Msonkhanowo udati munthu ayenera kugwirizana nacho chisomocho, chimamusintha mkati, ndipo ntchito zomwe achita ali m'chisomo zili ndi mphotho. Onse ophunzitsa zosiyana ndi izi adatembereredwa. Nawo a Lutheran adalemba zodzudzula zawo.

Malonda omwe adayambitsa zonsezi adatha mwakachetechete mu 1567 pomwe Papa Pius V adaletsa kulowetsa ndalama pa nkhani ya kuchotsa zilango. Koma madzi adali atatayika kale.

Padatenga zaka zoposa 400 kuti mbali ziwirizi zikhalenso pansi mofatsa. Zokambirana zidayamba m'zaka za m'ma 1960, ndipo pa 31 October 1999 mumzinda wa Augsburg, Mpingo wa Katolika ndi bungwe la Lutheran World Federation adasainirana chikalata cha mgwirizano. Mmodzi mwa omwe adasaina ndi Ishmael Noko wa ku Zimbabwe, yemwe panthawiyo adali mlembi wamkulu wa bungwelo. Kumbali ya Akatolika kudali Kadinala Edward Cassidy.

Mfundo yaikulu ya chikalatacho ndi yakuti Mulungu amalandira munthu mwa chisomo chokha, pokhulupirira ntchito ya Khristu, osati chifukwa cha kuyenera kwake, ndipo Mzimu Woyera amamupatsa mphamvu ndi kumuitana kuti achite ntchito zabwino. Adagwirizananso kuti matemberero akale aja sakukhudza chiphunzitso monga chalembedwera m'chikalatamo.

Ena adatsatira. A Methodist adavomereza mu 2006. Khonsolo ya mipingo ya Anglican idachilandira pa msonkhano wake ku Lusaka m'dziko la Zambia mu 2016. Mu 2017, bungwe la mipingo yotsata chiphunzitso cha John Calvin, komwe kuli mizu ya CCAP, lidasaina ku Wittenberg komwe zonse zidayambira.

Kunena zoona, mgwirizanowu sudathetse zonse, ndipo eni ake sadabise. Funso loti Mkhristu angakhale wolungama ndi wochimwa nthawi imodzi, monga ankanenera Luther, mbali ziwirizi zimalifotokozabe mosiyana. Mawu oti mphotho nawo amamveka mwina kwa Mkatolika, mwinanso kwa wa Lutheran. Purigatoriyo ikadali m'chiphunzitso cha Katolika, ndipo mwambo wochotsa zilango udachitika m'chaka cha Jubile cha 2000 komanso cha 2025, ngakhale tsopano popanda kulipira. Pa Mgonero wa Ambuye, mipingoyi sidafikebe podyera pamodzi.

Ndipo si a Lutheran onse adakondwa. Mipingo ya Missouri Synod ndi Wisconsin Synod ku America idakana chikalatacho ponena kuti mawu ake adalukidwa mwanzeru kuti aliyense awerengemo zomwe akufuna. Kusiyanaku kudafika ndi kuno: Evangelical Lutheran Church in Malawi ili m'bungwe lomwe lidasaina ku Augsburg, pomwe Lutheran Church of Central Africa, yomwe imapezeka ku Malawi ndi ku Zambia, imayenda limodzi ndi Wisconsin Synod.