Ndiwo za zipatso: mango asamaolere pansi ana akudya za m'mapaketi

Akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Mwambiwu ndidaumvetsa bwino pa Khirisimasi yapitayi pomwe mlamu wanga, yemwe wakhala zaka zingapo akugwira ntchito ya m'nyumba ku Johannesburg, adabwera kudzacheza kwathu kuno pa boma la Mzimba.

Monga mudziwa, kuno n'kovuta kupeza mudzi umene ulibe mwana wake ku Joni. Akamabwera patchuthi amanyamula mabulangete, nsapato, mafoni ndi zina zotero. Mlamu wangayu naye adanyamula zake, koma chimene tikuchikumbukirabe mpaka lero ndi chakudya chimene adatikonzera ndi zinthu za pakhomo pathu pomwe.

Tsikulo titatha kudya mpunga wa nkhuku, ana adayamba kuvuta kuti tiwapatse ndalama akagule tokukuta ta m'mapaketi ndi zakumwa zotsekemera kugolosale. Pamene ankalira choncho n'kuti kuseri kwa nyumba mango ali mbwee pansi, ena ataphulika, ntchentche zili pa phwando.

"Alamu, ndalamazo sungani. Ndipatseni beseni, mpeni ndi makapu awiri a ufa wa tirigu," adatero.

Patatha ola limodzi ndi theka, patebulo padabwera mbale ziwiri. Ina idali ndi mango, nthochi ndi papaya zoduladula ting'onoting'ono ngati nyemba, zili m'madzi ake omwe, fungo la ndimu lili guu. Inayo idali ndi tizidutswa ta ufa topyapyala, tamakona atatu ngati samusa, touma gwa, towazidwa shuga. Supuni padalibe. Adatiuza kuti tidye monga tidyera nsima: kutenga kachidutswa kouma, kutapa nako zipatso, n'kuponya m'kamwa.

Agogo a ana, omwe poyamba ankayang'ana mokayika, adalawa, n'kulawanso. Kenaka adaseka n'kunena kuti chibadwire sadaonepo mango akusanduka dende, monga timatchulira ndiwo m'Chitumbuka. Dzina lidakhala lomwelo: ndiwo za zipatso. Za kugolosale palibe mwana adazitchulanso tsikulo.

Mlamu adaphunzira izi kunyumba komwe amagwira ntchito. Gwero la kadyedweka ndi ku Mexico, komwe anthu amatapa msuzi wa tomato, anyezi ndi tsabola wotchedwa salsa pogwiritsa ntchito tizidutswa touma ta tortilla, mkate wopyapyala wa ufa wa chimanga. Ku America ena adasintha, m'malo mwa tomato n'kuikamo zipatso, tizidutswato n'kutiwaza shuga ndi sinamoni kuti chikhale chotsitsira munthu akatha kudya.

Wina anena kuti izi n'zachilendo. Komatu chimanga chomwe timati n'chathuchi chidachokera ku Mexico komweko. Mbatata, papaya, magwafa ndi mapeyala nazo kwawo ndi kumaiko a ku America, pomwe mango adachokera ku India ndi maiko oyandikana nalo. Zonsezi zidafika ngati alendo, makolo athu n'kuzilandira.

Vuto lathu n'lakuti chipatso sitichiwerengera ngati chakudya. Timachiona ngati cha ana, chodyera kumunda kapena panjira, osati chopereka kwa mlendo. Apongozi akafika timathamangira kukagula botolo la chakumwa pomwe papaya wapsa mumtengo pakhomo pomwepo.

Chonsecho alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi akhala akutiphunzitsa za magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zamafuta ndi zipatso. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa kuti munthu wamkulu azidya zipatso ndi masamba zosachepera magalamu 400 patsiku. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko muno wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Zipatso pazokha sizingathetse vutoli, koma mwa magulu onse aja, ili ndi gulu limene nyengo yake ikafika timalipeza pafupifupi mwaulere, n'kulisiya liole. Mango ndi papaya zakupsa zimapatsa thupi vitamini A, wothandiza maso ndi chitetezo cha m'thupi, ndipo gwafa ali ndi vitamini C wochuluka kuposa lalanje.

Ndikudziwa kuti m'miyezi ya Disembala ndi Januwale, nkhokwe zikauma, mabanja ena amagonera mango, mpaka kuphika aawisi. Kwa iwo nkhani ya chotsitsira ndi maloto, ndipo sindikuwaseka. Ndikulankhula ndi ife amene timagwirako kandalama, kaya ka malipiro kaya kochokera ku Joni. M'miyezi yomweyo amayi amakhala padzuwa pamsika wa pa boma, pa Jenda m'mbali mwa msewu wa M1, pa Embangweni ndi m'malo ena, milu ya mango ili patsogolo mpaka dzuwa kulowa. Ife timawadutsa kukagula paketi yodzadza mphepo ndi mchere. Mulu umodzi tikadagula, mwana wathu akadadya chopatsa thanzi, wa mayi uja n'kugona atadya nsima.

Kakonzedwe ka zipatso

Pa banja la anthu 6, tengani mango anayi akuluakulu akupsa koma olimba, nthochi ziwiri, theka la papaya wocheperapo ndi ndimu imodzi. Mango a boloma ndi ena opanda ulusi wambiri ndiwo amadulika bwino. Ang'onoang'ono aulusi aja musawataye. Finyani awiri kapena atatu kuti madzi ake akhale msuzi.

Sendani zipatso zonse ndi kuzidula ting'onoting'ono. Apa ndi pamene pagona chinsinsi, chifukwa zidutswa zikakula sizikwera pa kachidutswa kouma kaja, zimangogwera m'mbale. Finyirani ndimu msangamsanga mukangodula nthochi, poti madzi a ndimu amaletsa nthochi kuda komanso amachepetsa kutsekemera kuti kusafike pokola. Lawani. Ngati zikuwawasa, thirani supuni imodzi ya uchi kapena shuga. Ngati mango apsa bwino, musathire kanthu.

Amene muli ndi masuku, fikisani angapo m'kambale, chotsani makoko ndi njere, phala lakelo musakanize. Limapereka kafungo komwe mlamu wanga adavomera yekha kuti ku Joni sadakapezepo. Vindikirani mbaleyo, muiike pamalo pozizira kwa mphindi 20 kuti zipatso zitulutse madzi.

Tchipisi cha ufa

Ikani m'beseni makapu awiri a ufa wa tirigu, kamchere pang'ono ndi masupuni awiri a mafuta ophikira. Thirani madzi ofunda pang'onopang'ono uku mukukanda mpaka ufa ugwirane osamata m'manja. Usiyeni upume kwa mphindi 20 mutauvindikira. Kenaka gawani timibulu 6, n'kupsyatitsa kalikonse ndi botolo lotsuka bwino mpaka kapyapyale kuposa chapati.

Wambani chilichonse pa felempani youma, mphindi imodzi mbali iyi, imodzi mbali inayo. Pakani timafuta kapena majarini mbali imodzi, wazani shuga wosakaniza ndi sinamoni, n'kudula tamakona atatu. Sinamoni akasowa, jinja wogaya pang'ono amachita bwino, ngakhalenso shuga yekha.

Amene ali ndi uvuni wamagetsi aike pa madigiri 180 kwa mphindi 8 mpaka 12. Enafe tiotcha monga tiotchera chigumu. Yalani tizidutswato m'poto wamkulu mosasanjikiza, moto wochepa pansi, makala angapo pa chivindikiro. Ulendo woyamba nditayesa ndekha mlamu atabwerera, ndidaunjika makala ngati ndikuotcha chigumu chenicheni. Nditavundukula ndidapeza makala pamwamba, makala m'kati. Shuga sachedwa kupserera, choncho makala akhale owerengeka ndipo muzisuzumira mphindi zitatu zilizonse. Tikangofiira m'mbali, phulani. Timaoneka tofewa tikamatuluka, koma timauma tikamazizira.

Nyengo ya mbatata

Ufa wa tirigu ndi wogula ndipo mtengo wake sukhala malo amodzi. Mwayi wake ngwakuti mango akatha, mbatata imakhala ili m'njira. Kuyambira cha mu Epulo mpaka Julaye mbatata, yomwe kuno timati mboholi, imachuluka m'misika, ndipo nthawi yomweyo kumapezeka magwafa, mapeyala, manachesi ndi malalanje. Nthochi ndi papaya sizisowa kwenikweni chaka chonse.

Sankhani mbatata yofiira m'kati. Mu 2011 dziko lino lidavomereza mitundu ya Kadyaubwerere, Kaphulira, Chipika, Mathuthu ndi Anaakwanire, kuwonjezera pa Zondeni yemwe adalipo kale. Kufiira kwakeko ndiko chizindikiro cha vitamini A. Ntchito yofalitsa mbatata yotereyi mu Africa idalemekezedwa mu 2016 pomwe akatswiri Maria Andrade, Robert Mwanga ndi Jan Low a bungwe la International Potato Center adali m'gulu la olandira mphotho ya World Food Prize.

Tsukani mbatata, sendani, n'kuidula mopyapyala ngati ndalama yachitsulo. Itsukeninso m'madzi ozizira, muiumitse ndi kansalu koyera, chifukwa yonyowa imafutuka m'malo mouma. Sakanizani ndi supuni imodzi ya mafuta. Timafuta timeneti n'tofunika poti thupi limalandira bwino vitamini A akakhala pamodzi ndi mafuta. Otchani pamoto wochepa kwa mphindi 20 mpaka 30, mukutembenuza. Mbatata ili ndi shuga wakewake, ndiye ngati mufuna kuwaza wina, wazani pang'ono mukangophula.

Pa zipatso za nyengoyi, magwafa achotseni njere za pakati poopa mano a agogo. Peyala lidulidwe komalizira ndipo lisasowe ndimu. Peyala lina mukhoza kulinyenya kuti ndiwo zanu zigwirane bwino.

Kusiyana kwake ndi tchipisi cha pachiwaya n'kwakuti apa mafuta ndi supuni imodzi kapena ziwiri basi, osati chosambira m'mafuta omwe atenthedwa kambirimbiri.

Walira mvula walira matope

Nyengo ya mango ndi yomwenso matenda otsegula m'mimba amavuta. Sitidaiwale kolera amene adabuka mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1 700 m'dziko muno. Zipatso sitiziphika, choncho ukhondo wake uyenera kuposa wa ndiwo zapamoto. Sambani m'manja ndi sopo. Tsukani zipatso musanasende, ndi madzi owiritsa kapena othira klorini. Mpeni ndi thabwa zomwe mwadulira nkhuku yaiwisi zisakhudze zipatso musanazitsuke ndi sopo. Mango ophulika amene ntchentche zaterapo apite kudzala la manyowa.

Ena amati mango amayambitsa malungo. Zoona zake n'zakuti mango amapsa nthawi imene mvula yayamba ndipo udzudzu ukuswana m'zithaphwi. Wolakwa ndi udzudzu, mankhwala ake n'kugona m'masikito.

Ngati mulibe firiji, dulani zipatso zokwana kudya nthawi yomweyo, zisagone. Tchipisi chokha ndicho chimasungika masiku angapo m'chigubu chouma chotseka bwino. Amene mukuganiza za kabizinesi, gulitsani tchipisicho, koma zipatso zodula kale musayende nazo padzuwa. Mwana wosakwana chaka chimodzi asapatsidwe uchi, ndiponso tizidutswa touma tingamutsamwe. Iyeyu mungomunyenyera nthochi kapena papaya ngati wakwana miyezi 6. Amene ali ndi nthenda ya shuga asathire uchi kapena shuga, adye pang'ono, ndipo atsatire zimene adauzidwa kuchipatala.

Mawu amodzi pa nkhani ya makala. Masuku ndi uchi zomwe ndatchulazi zimachokera m'nkhalango monga ya Perekezi, yomwe ikuvutika ndi nkhwangwa za ootcha makala. Kungakhale kupusa kutha msuku pofuna kuotcha tchipisi chodyera masuku. Gwiritsani ntchito moto wotsala mukaphula nsima, kapena zitsononkho, poti kuotcha kumeneku sikulira moto wambiri.

Mlamu wanga adabwerera ku Joni chaka chatsopano chitangolowa. Nsapato zomwe adabweretsera mwana wathu wamng'ono zidamuthina kale. Koma Loweruka lapitali mwanayo adabwera kuchokera kuseri kwa nyumba atanyamula papaya wamkulu ngati mutu wake, n'kundifunsa kuti, "Amayi, botolo lopsyatitsira lija mudaika kuti?"

Ndidamuuza kuti ayambe wasamba m'manja.